NDANI ANADYA NG'OMBE ZA KU LIBERTY?

Nkhani iyi inayamba yalankhulidwa pa wailesi, ndipo taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge.



Akuru athu amene anaona nkhondo amadziwa kuti msilikari sayenda ndi nkhokwe. Gulu la nkhondo likagona pafupi ndi mudzi, m'mawa mwace nkhuku zacepa, mbuzi zina sizioneka, ndipo mpanda wa dimba wasanduka phulusa. Nkhondo ikatha, akuru a maiko amapangana za mtendere, asilikari amabwerera kwao, koma mwini mbuzi amatsala ndi funso lace: kodi adzandilipira ndani? Madzulo ano ndifuna kukuuzani za dziko lina kumene Boma linayesa kuyankha funso limeneli, ndi za makalata amene anatsala mlandu utatha. Makalatawo analembedwa cifukwa ca ndalama cabe. Koma lero ndiwo amene anthu ofufuza mbiri ya midzi yao amatsegula pofuna kudziwa kuti ndi asilikari ati anaima pakhomo pa makolo ao.

Dzikolo ndi United States of America. Kuyambira caka ca 1861 kufikira 1865 anthu a m'dzikomo anamenyana okha okha. Zigawo 11 za kumwera zinapatuka ndi kupanga boma lao lao, ndipo muzu wa mkanganowo unali ukapolo, pakuti m'dzikomo munali akapolo akuda pafupi 4 miliyoni. Kumpoto kunali Boma la President Abraham Lincoln, limene linakana kuti dziko ligawike. Za nkhondo yonse sindinena ai. Nditengako miyezi iwiri yokha.

Pa 15 November 1864 Kazembe William T. Sherman anacoka mu mzinda wa Atlanta, m'cigawo ca Georgia, ndi asilikari pafupi 60,000, nalunjika ku doko la Savannah, ku nyanja ya mcere. Ulendowo unali wa mailosi pafupi 300. Njanji anaisiya m'mbuyo, ndiye kuti panalibe sitima yomtsata ndi cakudya. Khamu lonselo, pamodzi ndi akavalo ndi nyuru, linayenera kudya za m'minda ya eni dziko. Asananyamuke, pa 9 November, Sherman anaturutsa lamulo lace la nambala 120 lonena za katengedwe ka cakudya. Anati gulu liri lonse lisankhe anthu osonkhanitsa zakudya, ndipo awatsogolere mkuru wa asilikari. Anati asilikari asalowe m'nyumba za anthu, asatukwane, ndipo asiyire banja liri lonse cakudya cokhalira moyo. Potenga akavalo ndi ngolo asiyanitse olemera ndi osauka. Mkuru wa gulu, atafuna, angathe kulemba kalata yonena zimene zacitika, koma lisiti asapereke. Mau otsirizawa muwasunge, cifukwa tidzakomana naonso.

Lamulo la pa pepala ndi njala ya msilikari sizigwirizana masiku onse. Kunali asilikari ambiri amene anali kupatuka okha m'mamawa, wopanda wowatuma, nabwera madzulo atakwera akavalo a eni ace, nkhuku ziri lende pa cishalo. Anzao anawatcha dzina lakuti bummers. Sherman mwini wace, atafika ku Savannah pa 22 December, anawerengera kuti cuma ca Georgia cimene cinapita pa ulendowo cinali ca madola 100 miliyoni, ndi kuti gawo limodzi lokha la magawo asanu ndilo linathandiza gulu lace. Cotsalaco cinangoonongeka.

Tsono tiyeni tipite kumwera kwa Savannah pang'ono. Ku America zigawo zambiri zimagawidwa m'maboma ang'ono otchedwa county, ndipo limodzi la amenewa ndi Liberty. Ndi dziko la cigwa, la madambo ndi mitsinje yodzala ndi kuphwa potsata nyanja, kumene masiku amenewo anali kulima mpunga ndi thonje. Akapolo kumeneko anaposa azungu kawiri ndi kupitirira. Pakati pa dzikolo pali malo otchedwa Midway, pamene pali tchalitchi ca matabwa comangidwa mu 1792, ndipo ciripobe mpaka lero. Patsidya pa mseu pali manda ozingidwa ndi linga la njerwa.

Pa 13 December 1864 asilikari okwera pa akavalo, a gulu la Kazembe Judson Kilpatrick, analowa m'dziko la Liberty, ndipo wowatsogolera anali Colonel Eli Murray. Anamanga misasa pa tchalitchi ca Midway. Anthu a pamenepo amasimba kuti linga la manda lija analisandutsa khola la ng'ombe zolanda. Eni minda ambiri anali atathawa, kapena anali ku nkhondo. Amene anatsala anali akazi a azungu owerengeka, ndi akapolo zikwi zambiri m'midzi yao ya pa minda.

Apa pali cinthu cimene ambiri a ife sitinaphunzire ku sukulu. Tikamva mau akuti kapolo timaganiza munthu wopanda ngakhale nkhuku. Pa lamulo la Georgia zinalidi conco: kapolo sanali kuloledwa kukhala ndi cuma, pakuti iye mwini anali kuwerengedwa cuma ca munthu wina. Koma m'minda ya mpunga ya m'mbali mwa nyanja nchito inali kuyenda mwa ndime. Kapitao anali kupimira munthu ali yense ndime ya tsikulo, kawiri kawiri kota ya ekala, ndipo akaitsiriza, nthawi yotsala inali yace, monga mgwazo umene ena a inu munagwira m'maesiteti. Munthu wamphamvu anali kutsiriza dzuwa likalipo, napita kukalima kamunda kace. Anali kugwira nchito ziwiri tsiku limodzi, yoyamba ya mbuye, yaciwiri ya ana ace. Mwa njira imeneyi, zaka zambiri zitapita, mabanja a akapolo a ku Liberty anali ndi nkhumba, nkhuku, ng'ombe, ming'oma ya njuci, mpunga ndi cimanga cao cao, ndipo ena anali ndi kavalo ndi ngolo yokwera popita ku tchalitchi.

Asilikari a kumpoto anadza ngati omasula, ndipo anthuwo anawalandira ndi cimwemwe. Koma asilikariwo anali ndi njala, ndiponso ambiri sanakhulupirire kuti kapolo angakhale ndi kavalo. Poona nkhumba zonenepa kuseri kwa kanyumba ka kapolo anati nza mbuye, natenga. Mary Jones, mkazi wamasiye wa mbusa Charles Colcock Jones, anali pa munda wao wa Montevideo masiku amenewo, ndipo iye ndi mwana wace wamkazi anali kulemba zocitika tsiku ndi tsiku. Analemba za magulu a asilikari akubwera lina pambuyo pa linzace, masabata angapo, ndi kuti sanalekerere ngakhale nyumba za akapolo. Zolembazo zinasindikizidwa mu 1972 m'buku lotchedwa The Children of Pride. Ufulu unafikadi ku Liberty mwezi umenewo, koma unapeza anthu makola ali pululu.

Nkhondo itatha, madandaulo a anthu a kumwera amene anatengeredwa zinthu anayamba kufika ku Nyumba ya Malamulo ku Washington. Anacuruka kotero kuti pa 3 March 1871 aphungu anapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la anthu atatu loweruza milanduyi. Bungwelo limadziwika ndi dzina lakuti Southern Claims Commission. Wa pampando anali Asa Owen Aldis, woweruza wa ku Vermont, ndipo anzace anali James B. Howell wa ku Iowa ndi Orange Ferriss wa ku New York. Onse atatu anali a kumpoto, ndipo manja ao sanali ofewa pa ndalama za Boma. Anthu anapatsidwa zaka ziwiri zoperekera madandaulo, kufikira March 1873, koma nchito yoweruza inatha mu 1880.

Wodandaula anayenera kupyola pa zipata ziwiri. Coyamba, anayenera kutsimikiza kuti pa nkhondo yonse mtima wace unali ku Boma la kumpoto, ndi kuti sanathandize opanduka mwa kufuna kwace. Kungolumbira sikunakwanire. Boma linali litagwira makalata ambiri a boma la opanduka, ndipo alembi anali kufunafuna m'menemo dzina la wodandaula. Likapezeka pa kalata yogulitsa cimanga kwa asilikari a kumwera, mlandu unali pa ngozi. Maina a odandaula anali kulengezedwanso poyera, kuti mnansi wodziwa kanthu akanene, ndipo mukudziwa inu nomwe kuti mnansi wa cakukhosi sasowa m'mudzi uli wonse.

Cipata caciwiri ndico cimene cikhudza kwambiri nkhani yathu. Boma linabvomera kulipira zinthu zokhazo zimene gulu la nkhondo linatenga kuti ligwiritse nchito. Kavalo amene anapita ndi asilikari, inde. Ng'ombe imene anadya, inde. Mitengo ya mpanda imene anasonkhera moto anailipira pa mtengo wa nkhuni. Koma nyumba yotenthedwa, munda wopondedwa pomenyana, zobvala ndi ndalama zimene msilikari wakuba anaika m'thumba mwace, zonsezi Boma linati ndi tsoka la nkhondo, kapena ndi mlandu wa wakubayo, si ngongole ya Boma ai.

Madandaulo onse anali 22,298, ndipo ndalama zimene anthu anapempha zinapitirira madola 60 miliyoni. Amene anabvomerezedwa anali 7,092, ndipo zimene zinalipidwa zinali madola 4,600,000 ndi zina pang'ono. Ndiye kuti pa anthu atatu ali onse mmodzi yekha anapambana, ndipo pa madola 13 ali onse opemphedwa linaturuka dola limodzi.

Akuru atatu aja anakhala ku Washington. M'maboma anaikamo anthu olemba umboni, ndipo anawapatsa mafunso osindikizidwa kale, ofanana kwa munthu ali yense. Mafunsowo anali kuonjezedwa, ndipo pofika 1874 anakwana 80. Ku Liberty umboni wambiri unalembedwa mu 1873 ndi munthu wotchedwa Virgil Hillyer. Taganizani nkhalamba imene siinagwirepo colembera, imene zaka khumi m'mbuyomo siikadaloledwa kuima m'bwalo la milandu kutsutsana ndi mzungu, tsopano ikhala pansi, ilumbira, ndipo mau ace alikulembedwa limodzi limodzi kuti apite ku likuru la dziko. Kwa amene anali akapolo kunali mafunso apadera. Unamasulidwa liti? Mbuye wako anali yani? Ali moyo kodi? Ngati sakucitira umboni, cifukwa ninji? Ndipo funso lalikuru: cuma cimeneci unacipeza bwanji iwe uli kapolo?

Funso limeneli linali ndi msampha. Ngati ng'ombeyo inali ya mbuye, ndipo mbuyeyo anali wopanduka, Boma silikadalipira kanthu. Cifukwa cace anthuwo anayenera kulongosola mbiri ya ciweto ciri conse kuyambira pa ciyambi. Kalata yogulira analibe. Lisiti la asilikari analibe, pakuti Sherman analetsa. Anali ndi mboni zokha. Wina anafotokoza kuti anayamba ndi nkhuku, nagulitsa, nagula nkhumba, nkhumbayo niswana kufikira anagula ng'ombe. Wina anati ciwetoco anamsiyira atate wace pomwalira. Mboni zinati zinali kuciona pabwalo pace zaka zambiri, ndipo panalibe munthu wina, ngakhale mbuye, amene anati ncace. Nyumba zao zinali zoyandikana, kotero kuti ali yense anadziwa za m'khola la mnzace, maanga a ng'ombe ndi cizindikilo ca pa khutu. Nthawi zina mbuye wakale kapena mwana wace anadza nabvomereza.

Amene munakhalapo pa bwalo la mfumu pozenga mlandu wa ng'ombe simudabwa ndi umboni wotere. Ng'ombe imadziwika ndi mudzi, siidziwika ndi pepala. Koma akuru a ku Washington anazolowera mapepala, ndipo poyamba anakayika kwambiri. Anatumiza anthu ao ena kukafufuza, ndipo pamapeto anabvomereza madandaulo ambiri a ku Liberty, ngakhale kuti kawiri kawiri anadula ndalamazo kwambiri. Pa zotsalazo maloya anadyaponso gawo lao. Akatswiri a mbiri anacedwa kuzindikira kulemera kwa makalatawa. Philip D. Morgan analemba za iwo mu 1983, ndipo Dylan Penningroth anaturutsa buku lotchedwa The Claims of Kinfolk mu 2003. Onse awiri anatsamira kwambiri pa mau a anthu a ku Liberty.

Tsopano tifike pa asilikari. Munthu wofufuza mbiri ya kwao, kapena mdzukulu wofuna kudziwa za agogo a agogo ace, akapeza kalata ya mlandu wotere ku nyumba yosungira makalata a Boma, imene amaitcha National Archives, kapena pa intaneti pamene ambiri a makalatawa anajambulidwa, amapezamo mafunso ena okhudza tsiku la kutengalo. Unalipo kodi? Unaona ndi maso ako? Unali usana kapena usiku? Anali asilikari angati, a gulu liti? Panali mkuru wa asilikari? Unadandaula kwa yani? Misasa yao inali kuti, ndipo zinthuzo anapita nazo mbali iti? Boma linafunsa izi pofuna kugwira abodza. Koma mayankho ace ndiwo mapazi amene wofufuza amalondola.

Tinene kuti mboni yati anali anthu a Kilpatrick, masiku owerengeka Khirisimasi isanafike, ndipo anayendetsa ng'ombezo kunka ku Midway. Wofufuza amatenga mau amenewa napita nao ku malipoti a akuru a nkhondo. Boma la America linasindikiza malipoti ndi malamulo a mbali zonse ziwiri m'mabuku 128, kuyambira 1880 kufikira 1901. M'menemo apeza magulu amene anali pansi pa Colonel Murray ndi kumene liri lonse linatumidwa. Magulu a kumeneko anali kutchedwa ndi nambala ndi dzina la cigawo cimene anacokera, monga kwathu kunali 1 K.A.R. ndi 2 K.A.R. Apeza kuti 5th Kentucky Cavalry inatumidwa ku Sunbury, ku gombe, kukafuna zombo za Boma, ndi kuti 9th Pennsylvania Cavalry inatumidwa ca ku mtsinje wa Altamaha kumene kunali mlato wa njanji. Tsono akayala mapu, naona kuti munda wa wodandaula unali pa mseu wa ku Sunbury, wayamba kuyandikira. Kucokera apo pali mabuku a maina a asilikari, amene anali kulembedwa miyezi iwiri iri yonse polipira, osonyeza amene analipo, amene anali kudwala ndi amene anathawa. Palinso makalata a penshoni, ndi makalata amene anyamatawo anali kulembera amai ao.

Nchito imeneyi ndi yokoma, ndipo cifukwa ca kukoma kwace munthu angathe kuthamanga naposa umboni wace. Ine ndaona kuti ofufuza abwino amayenda pang'ono pang'ono pa malo angapo.

Dzina la Kilpatrick linatchuka m'dzikomo kotero kuti linaphimba asilikari onse. Koma iye sanali yekha. Pa 17 December asilikari oyenda pansi a Kazembe Joseph Mower anafika pa Midway, alikupita kukazula njanji, ndipo magulu ena osonkhanitsa cakudya anali kubwerabe kucokera ku Savannah kufikira mu January. Kunena kuti anali pa akavalo sikuthandiza kweni kweni, pakuti asilikari oyenda pansi nawonso anali kukwera akavalo olanda. Ndiponso umboni unaperekedwa zaka zisanu ndi zinai zitapita, ndi anthu amene anali kuwerenga nthawi ndi Khirisimasi ndi kukolola mpunga. Kusiyana kwa masiku anai kungasinthe gulu lonse. Cifukwa cace gulu lingapezeke, nthawi zina ndi mkuru wace yemwe, koma dzina la msilikari amene anagwira cingwe ca ng'ombe silipezeka kawiri kawiri. Munthu amene alikulandidwa safunsa wolandayo dzina.

Cina ncobisika koposa, ndipo ndico cimene ndifuna kuti mucigwire. Kumbukirani cipata caciwiri cija. Zinthu zikatengedwa mwa dongosolo, mkuru wa asilikari alipo, ngolo za Boma ziri pa mseu, Boma linali kulipira. Zikatengedwa ndi msilikari wakuba yekha, usiku, panalibe malipiro. Odandaula anadziwa zimenezi, ndipo maloya ao anazidziwa koposa. Tsono mukawerenga madandaulo ambiri motsatana mudzaona kuti mkuru wa asilikari apezeka kawiri kawiri atakhala pa kavalo pa cipata, ndipo ngolo siisowa. Sindikunena kuti anthuwo ananama. Ambiri ananena zimene anaona. Koma munthu wofunsidwa mafunso 80 amayankha zimene wafunsidwa, ndipo amasiya zimene sizidzamthandiza. Kumenyedwa, kuopsezedwa ndi mfuti, bokosi la zobvala lothyoledwa, izi zimangotulukira mwa apo ndi apo, pamene mboni yalephera kudziletsa. Asilikari a m'makalata a milanduyi amaoneka aulemu ndi adongosolo koposa asilikari a m'buku la Mary Jones, koma ndi anthu amodzi modzi, mwezi umodzi modzi. Mai Jones naye anali ndi mbali yace: anali mwini akapolo, wodana ndi a kumpoto. Wofufuza ayenera kuika mapepala awiriwo pa tebulo limodzi.

Kuti muone kukula kwa zimene makalatawa amasiya, tiyeni ticoke ku Georgia pang'ono tipite ku Virginia, ku cigwa ca Shenandoah. Miyezi iwiri Sherman asanafike ku nyanja, Kazembe Philip Sheridan anatentha cigwaco dala, kuti opanduka asapezemo cakudya. Mu lipoti lace la pa 7 October 1864 ananena kuti anaononga nkhokwe zazikuru zopitirira 2,000 ndi zigayo zopitirira 70. Alimi ambiri kumeneko anali a mipingo ya Mennonite ndi Brethren, anthu okana kugwira mfuti cifukwa ca cipembedzo cao. Iwo anadandaula kwa bungwe lija, ndipo anthu a ku Rockingham County anakopera madandaulowo nawasindikiza m'mabuku angapo kuyambira 2003. Pa mndandanda wa zolipidwa mupezapo akavalo, ng'ombe ndi udzu wouma wa ziweto, koma nkhokwe zotenthedwa sizinali za kulipidwa. Munthu wowerenga mindandandayo yokha sangadziwe kuti cigwa conse cinali utsi. Ndiponso ambiri a alimiwo anakanidwa pa cipata coyamba, cifukwa mu May 1861, pamene Virginia anali kusankha za kupatuka, voti inali ya pakamwa, pamaso pa anthu, ndipo ena anabvomera cifukwa ca mantha. Maina ao analembedwa, ndipo zaka khumi zitapita bukulo linawatsutsa.

Pali cinthu cinanso cimene makalatawa amacita, cimene sicikondweretsa onse. Gulu lija la 9th Pennsylvania Cavalry linasonkhanitsidwa mu 1861 pafupi ndi mzinda wa Harrisburg, ndipo anyamata ace anacokera m'midzi ya alimi ya cigawo cimeneco. Kwao amakumbukidwa ngati ngwazi zimene zinapulumutsa dziko ndi kuthetsa ukapolo, ndipo nzoona. Munthu wa ku Pennsylvania wolemba mbiri ya mudzi wace amalondola agogo ace kuyambira tsiku lolembedwa usilikari kufikira tsiku lobwerera, ndipo pa December 1864 lipoti la Boma limangomuuza kuti gululo linasonkhanitsa cakudya cambiri. Mau otsala a nkhaniyo ali ku Georgia, m'kamwa mwa nkhalamba imene inaweta nkhumba zaka makumi awiri itaweruka ku ndime ya mbuye. Mbiri ya mudzi wina ndi mbiri ya mudzi unzace zimakomana pa khola limodzi, ndipo wofufuza woona mtima sangatenge imodzi ndi kutaya inzace.

Anthu a ku Pennsylvania nawonso anailawa nkhondoyo pakhomo pao. Kumwera kwa Harrisburg kuli tauni ya Gettysburg, pamene panamenyedwa nkhondo yaikuru koposa zonse, kuyambira pa 1 kufikira pa 3 July 1863. Pa mtunda wotchedwa Cemetery Ridge panali munda wa maekala 12 wa munthu wakuda, mfulu, dzina lace Abraham Brian. Atamva kuti opanduka alikudza anathawa ndi banja lace, pakuti asilikari a kumwera anali kugwira anthu akuda, ngakhale mfulu, ndi kuwatumiza ku ukapolo. Mzere wa asilikari a Boma unadutsa pa munda wace peni peni. Anthu a Kazembe Alexander Hays ndiwo anaima pamenepo, ndipo pa tsiku lacitatu, pamene opanduka anathamangira mtundawo kotsiriza, ena a gulu la 11th Mississippi anafika mpaka pa khola lace. Apa wofufuza sabvutika kupeza asilikari. Magulu amene anaima pa mundawo amadziwika, ndipo miyala ya cikumbutso cao iri ciriri pa malopo.

Brian atabwerera anapeza nyumba yace yobooka ndi zipolopolo, mipanda yagwa, mbeu zapondedwa, ndipo m'munda muli manda. Popeza Pennsylvania sanapanduke, mlandu wace sunapite ku bungwe la anthu atatu lija. Unayenda pa lamulo lina, la pa 4 July 1864, koma cipata cace cinali comweco: Boma lilipira zimene asilikari ace anatenga kuti agwiritse nchito, osati zimene nkhondo inaphwanya. Anawerengera zonse zimene anataya, napempha madola 1,028. Anampatsa madola 15. Msilikari wamba masiku amenewo anali kulandira madola 13 pa mwezi, ndipo mu 1864 anamkwezera kufika 16.

Kanyumba ka Brian kanakonzedwanso, ndipo alendo okaona malo a nkhondoyo amaima pakhomo pace. Nkakang'ono, ka zipinda ziwiri, kopaka njereza.